Chikalata Chimodzi, Makope Ambiri: Mmene Nkhokwe za Pakompyuta Zimasungira Mbiri ya Zosintha

Mu Febuluwale 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Malawi anasintha malamulo oyendetsera dziko pa nkhani ya ana. Anachotsa ndime yomwe inkalola munthu wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kulowa m'banja makolo ake akavomereza, ndipo anakweza msinkhu womwe malamulowo amati munthu ndi mwana kuchoka pa zaka 16 kufika pa 18. Aliyense wotsegula malamulowa lero amapeza mawu atsopanowo. Koma woweruza amene akuunika nkhani yomwe inachitika mu 2015 akufuna china: lamulo linkati chiyani pa tsiku lomwe nkhaniyo inachitika? Chikalata n'chimodzi, makope ake ndi ambiri, ndipo kope lililonse lili ndi nthawi yake.

Vutoli silinabwere ndi makompyuta. M'maiko ambiri mabuku a malamulo ankasindikizidwa pamasamba omasuka, oti lamulo likasintha kalaliki amazula tsamba lakale n'kulowetsapo latsopano. Bukulo linkanena zoona pa za lero, koma za dzulo zinkapita kudzala pamodzi ndi tsamba lozulidwalo. Nkhokwe ya pakompyuta, ija ambiri amaitcha detabesi, imachitanso chimodzimodzi ngati siinakonzedwe mwapadera: mukalemba mawu atsopano, akale amafufutika. Kuti izikumbukira pamafunika kuikonza mwadala.

Ambiri akayamba kuganiza za nkhaniyi amathamangira funso la malo: makope onsewa tiwasunga bwanji osadzaza kompyuta? Funsolo lilipodi, koma ndi laling'ono. Mafunso aakulu ndi atatu. Chidutswa cha chikalata chikasintha mawu kapena kusamuka, tidziwa bwanji kuti ndi chomwe chija? Tikamati "nthawi," tikunena nthawi iti? Nanga anthu awiri akasintha chinthu chimodzi, agamule ndani? Njira iliyonse tiziiyesa ndi mafunso amenewa.

Chikalata chokhala ndi magawo

Lamulo lili ndi mitu, mutu uli ndi magawo, gawo lili ndi ndime, ndime ili ndi tindime. Fayilo ya wodwala ili ndi maulendo a kuchipatala, ulendo uliwonse uli ndi zoyezetsa ndi mankhwala. Zikalata zotere sizili mawu ongotsatizana basi. Chidutswa chilichonse chili m'kati mwa chinzake, ndipo akatswiri amati kayalidwe kotereka ndi mtengo, wokhala ndi tsinde ndi nthambi. Pofuna kuti kompyuta izizindikira magawowa, anthu anapanga njira zowaikira zizindikiro: SGML inavomerezedwa mu 1986, XML mu 1998, ndipo JSON inafala m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Chikalata chotere chikhoza kusungidwa m'nkhokwe chathunthu ngati chinthu chimodzi, kapena kuphwanyidwa kuti gawo lililonse likhale ndi mzere wake m'tebulo. Kusankha kumeneku ndi komwe kumadzalamula kuti mbiri yake isungidwa motani.

Kope lathunthu nthawi iliyonse

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kusafufuta chilichonse: munthu akasintha chikalata, nkhokwe imasunga kope latsopano lathunthu pambali pa lakale, n'kulemba nambala yake, tsiku, ndi dzina la wosinthayo. Umu ndi mmene Wikipedia imachitira, kuphatikizapo ya Chichewa. Pulogalamu yake, MediaWiki, ili ndi tebulo la masamba ndi tebulo la makope. Tsamba lililonse limangoloza kope lake laposachedwa, ndipo kope lililonse limadziwa kope lomwe linabadwako. N'chifukwa chake munthu atha kutsegula nkhani mmene inaliri zaka khumi zapitazo, kapena kubweza zomwe wina waononga.

Ubwino wa njirayi ndi kulimba. Kope lililonse limaima palokha. Lina likaonongeka, anzake sakhudzidwa. Kuwerenga kope lakale n'kofulumira ngati kuwerenga latsopano. Kuipa kwake ndi kubwereza: chikalata cha masamba 200 chikasinthidwa chilembo chimodzi, masamba onse 200 asungidwanso.

Git, yomwe Linus Torvalds analemba mu 2005 kuti izisunga mbiri ya Linux, inachepetsa kubwerezaku mwanzeru. Chidutswa chilichonse chimapatsidwa chidindo, nambala yaitali yowerengeredwa kuchokera pa zomwe zili m'chidutswacho. Zidutswa ziwiri zofanana ndendende zimakhala ndi chidindo chimodzi, choncho zimasungidwa kamodzi kokha. Kope latsopano ndi mndandanda wa zidindo: zambiri zimaloza zidutswa zakale zomwe sizinasinthe, zochepa zimaloza zatsopano. Popeza chidindo cha kope lililonse chimatengeranso chidindo cha kholo lake, amene angasinthe mbiri mobisa amaonekera, chifukwa zidindo zonse zotsatira zimasintha. Nkhokwe zina zatsopano, monga Dolt ndi TerminusDB, zinatenga nzeru yomweyi n'kuiika pa matebulo ndi zikalata.

Kusunga zosintha zokha

Njira yachiwiri ndi yakale kwambiri pakati pa mapulogalamu osunga mbiri, chifukwa inabadwa nthawi yomwe malo a pakompyuta anali odula zedi. M'malo mosunga makope onse, mumasunga limodzi lathunthu ndi malangizo osonyeza kusiyana kwake ndi ena. Marc Rochkind analemba SCCS ku Bell Labs mu 1972, ndipo inkalukana mizere ya makope onse m'fayilo imodzi, mzere uliwonse utalembedwa kope lomwe unalowera ndi lomwe unachotsedwera. Walter Tichy wa ku yunivesite ya Purdue anatulutsa RCS mu 1982 ataona kuti anthu amawerenga kope latsopano kawirikawiri kuposa akale. Iye anasunga latsopanolo lathunthu, ndi malangizo obwerera m'mbuyo kufikira akale.

Malo amapulumukadi, koma pamabwera unyolo. Kuti muone kope lachitatu pa makope 500, kompyuta iyenera kudutsa malangizo onse apakatipo, ndipo limodzi likaonongeka, onse a kuseri kwake atayika. Mankhwala ake ndi kuika kope lathunthu pakapita makope angapo, monga imachitira Mercurial unyolo ukatalika. Motero njira ziwirizi zimakumana pakati, ndipo Git nayo popanikiza mafayilo ake imasunga kusiyana kokha, ngakhale kwa woigwiritsa ntchito imaoneka ngati ikusunga makope athunthu.

Chovuta chenicheni ndi kupeza kusiyanako. Pulogalamu ya diff, yomwe James Hunt ndi Douglas McIlroy anafotokoza mu 1976 ndipo Eugene Myers anaipezera njira yofulumira mu 1986, imayerekeza mzere ndi mzere. Pa mawu wamba imagwira bwino ntchito. Pa chikalata chamagawo imasochera, chifukwa sidziwa za mtengo uja. Mukangosintha katalikidwe ka mizere osakhudza mawu, imati zonse zasintha. Mukasamutsa ndime kuchoka m'gawo lina kupita m'gawo lina, imati ndime imodzi yafufutidwa ndipo ina yatsopano yalembedwa, mbiri ya ndimeyo n'kudukira pomwepo.

Choncho akatswiri anayamba kuyerekeza mitengo. Kaizhong Zhang ndi Dennis Shasha anapereka mu 1989 njira yowerengera zosintha zochepetsetsa zofunika kuti mtengo wina ufanane ndi unzake. Imayankha molondola koma imachedwa zikalata zikakula, ndipo pa mitengo yomwe nthambi zake zilibe ndondomeko ya choyamba ndi chachiwiri, palibe njira yofulumira yodziwika yopezera yankho labwino koposa. N'chifukwa chake mapulogalamu ogwiritsidwa ntchito, monga XyDiff yomwe Grégory Cobéna, Serge Abiteboul ndi Amélie Marian anafotokoza mu 2002, amangosaka yankho labwino mokwanira: amayamba ndi kupeza nthambi zazikulu zofanana ndendende, kenako n'kulingalira zotsalazo. Pa JSON pali kalembedwe kovomerezeka ka zosintha kotchedwa JSON Patch, ka mu 2013, komwe kali ndi malamulo asanu ndi limodzi: kuwonjezera, kuchotsa, kulowetsa china m'malo, kusamutsa, kukopera ndi kutsimikiza. Kofooka kake n'kakuti kamaloza zinthu za m'mndandanda potchula malo ake. Mukati "sinthani chinthu chachinayi" koma wina waikapo kale china patsogolo, mwasintha cholakwika.

Dzina losasintha

Apa m'pamene pagona nkhani. Mavuto onse a kuyerekeza mitengo amabwera chifukwa kompyuta ikuyesa kulosera, itaona makope awiri, kuti chidutswa ichi ndi chomwe chija. Chidutswa chilichonse chikapatsidwa dzina losasintha pa tsiku lomwe chabadwa, kulosera kumatha.

Olemba malamulo anazindikira izi kalekale. Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo, linathetsedwa mu 1995. Gawo 65, la phungu wochoka m'chipani chake, silinatsike kukhala 64. Linakhalabe 65 mpaka lero, ndipo pa 64 pamangolembedwa kuti linathetsedwa. Chimodzimodzi magawo okhudza nyumba ya Seneti atachotsedwa mu 2001, manambala a magawo otsatira sanagwedezeke. Pofuna kulowetsa gawo latsopano pakati, olemba malamulo amawonjezera chilembo pa nambala m'malo mokankha magawo onse. Akanapanda kutero, chigamulo chilichonse cha khothi chotchula gawo 65 chikanayamba kuloza nkhani ina.

Nkhokwe yabwino imatsatira mwambo womwewu, koma mozama. Nambala yomwe anthu amaona ikhoza kusintha tsiku lina, choncho pansi pake pamaikidwa dzina lina lomwe silisintha konse. Chitsanzo chake ndi Akoma Ntoso, kalembedwe ka XML ka zikalata za malamulo komwe kanayamba mu 2004 pa ntchito ya bungwe la United Nations yothandiza nyumba za malamulo za mu Africa, ndipo bungwe la OASIS linakavomereza mu 2018. Kalembedweka kamasiyanitsa zinthu zitatu: lamulo lenilenilo monga chinthu chimodzi pa moyo wake wonse, mawu ake m'chinenero china pa tsiku lina, ndi fayilo yomwe mawuwo asungidwamo. Gawo lililonse limakhala ndi dzina la m'kope lomwe likuwerengedwa, ndipo likapatsidwa nambala yatsopano limasunganso dzina lake loyambirira. Bungwe la Laws.Africa limakonza malamulo a maiko a kuno m'kalembedwe kameneka, ndipo pa MalawiLII keyala ya lamulo imakhala ndi chinenero ndi tsiku la kope lomwe mukuwerenga. Ku Britain, legislation.gov.uk, yomwe inatsegulidwa mu 2010, imalola munthu kuona gawo limodzi la lamulo mmene linalili pa tsiku lomwe wasankha.

Magawo akakhala ndi maina otere, n'zotheka kusunga mbiri ya gawo lililonse payokha. Kope la chikalata chonse limangokhala mndandanda wonena kuti pa tsiku lakuti chinali ndi kope lachiwiri la gawo ili, lachisanu la gawo ilo, motsatizana chonchi. Funso loti "gawo 23 lasintha kangati?" limayankhidwa nthawi yomweyo. Mtengo wake ndi woti kusonkhanitsa chikalata chonse kumafuna ntchito yambiri, ndipo pamafunika kugwirizana pasadakhale: gawo likagawidwa pawiri, dzina lakale litsala ndi mbali iti? Magawo awiri akaphatikizidwa, litsala dzina liti? Izi kompyuta siingagamule. Agamule ndi eni chikalata.

Mawotchi awiri

Tiyerekeze kuti malipiro a wogwira ntchito akwezedwa kuyambira pa 1 Epulo, koma kalata yake yafika ku ofesi ya malipiro mu Juni. Wina akafunsa kuti malipiro a munthuyu anali angati mu Meyi, mayankho oona ndi awiri. Malinga ndi zomwe zinavomerezedwa, anali atsopanowo. Malinga ndi zomwe ofesi inkadziwa mu Meyi, anali akale, ndipo ndiwo analipidwa. Wowerengera ndalama zotsalira akufuna yankho loyamba. Wofufuza mabuku, amene akufuna kuona ngati kalaliki analakwitsa, akufuna lachiwiri.

Akatswiri a nkhokwe, makamaka Richard Snodgrass, anasiyanitsa nthawi ziwirizi: nthawi yomwe chinthu chili choona kunjaku, ndi nthawi yomwe nkhokwe inachilemba. Git ndi Wikipedia zimasunga yachiwiri yokha. Zikhoza kukuuzani tsiku lomwe mawu analowetsedwa, koma sizidziwa tsiku lomwe lamulo linayamba kugwira ntchito. Pa malamulo kusiyanaku n'kwakukulu, chifukwa tsiku lomwe aphungu avomereza, lomwe mtsogoleri wa dziko wasainira, lomwe lamulo layamba kugwira ntchito ndi lomwe mlembi walilowetsa m'kompyuta ndi masiku osiyana.

Muyeso wa chinenero cha nkhokwe wa SQL:2011 unabweretsa zonse ziwiri. M'tebulo lomwe nkhokwe imalisungira mbiri yokha, mzere ukasinthidwa, wakale umatsekedwa ndi nthawi yothera n'kusungidwa, ndipo munthu sangasinthe nthawizo ndi dzanja. M'tebulo la mtundu wachiwiri, munthu ndiye amalemba tsiku loyambira ndi lothera. Tebulo limodzi litha kukhala ndi zonse ziwiri. DB2 ya IBM, SQL Server kuyambira ya 2016 ndi MariaDB kuyambira 10.3 zimatha kusunga mbiri ya mizere mwanjira imeneyi. Komabe matebulo otere amaona mizere basi. Chikalata chonse chikakhala mumzere umodzi, mwabwerera ku makope athunthu. Chikaphwanyidwa m'mizere yambiri, muyenera kuwonjezera tebulo lomangira pamodzi zosintha zomwe zinachitika ulendo umodzi pa chifukwa chimodzi, apo ayi mudzakhala ndi mbiri ya tizidutswa popanda mbiri ya chikalata.

Pali msampha umodzi womwe umakola ambiri. Nkhokwe monga PostgreSQL zimasunga makope angapo a mzere umodzi kuti owerenga asadikire olemba, nzeru yomwe David Reed anafotokoza ku MIT mu 1978. Makope amenewo si mbiri. Akangotha ntchito, nkhokwe imawasesa. CouchDB nayo imapatsa chikalata chilichonse nambala ya kope, koma popanikiza mafayilo ake imataya zomwe zinali m'makope akale. Amene wadalira zimenezi ngati mosungira mbiri amadzazindikira tsiku lomwe akufuna kope lakale kuti kulibe.

Kusunga zochitika

Njira ina imatembenuza nkhani yonse. Kaundula wa banki m'khonde salemba ndalama zomwe membala ali nazo lero zokha. Amalemba zomwe waponya sabata iliyonse, zomwe wakongola ndi zomwe wabweza, ndipo chiwerengero cha lero chimapezeka powonkhetsa zonsezo. Mlembi akalakwitsa safufuta, amalemba mzere wokonza. Nkhokwe ikhoza kuchita chimodzimodzi: kusunga mndandanda wa zochitika womwe umangowonjezeredwa, monga "gawo 22 lachotsedwa ndime" kapena "gawo lasamutsidwira kumutu wina," ndipo chikalata cha tsiku lililonse chimapezeka pobwereza zochitikazo kufikira tsikulo. Martin Fowler anafotokoza njirayi mu 2005, ndipo Datomic ya Rich Hickey, yomwe inatuluka mu 2012, inamangidwa pa mfundo yoti chomwe chalembedwa sichilembedwanso pamwamba.

Njirayi imaposa kuyerekeza makope chifukwa imasunga cholinga cha wosinthayo. Kusamutsa kumalembedwa ngati kusamutsa, popanda kulosera. Koma imafuna kuti zosintha zonse zidutse pakhomo limodzi. Wina akalowa m'nkhokwe kuseri n'kukonza ndi dzanja, mndandandawo wanama. Komanso mapulogalamu a mtsogolo ayenera kumamvabe zochitika zolembedwa m'kalembedwe ka zaka khumi zapitazo. Mapulogalamu a zachipatala amatenga mbali ya nzeruyi. Mu OpenMRS, yomwe imagwiritsidwa ntchito m'zipatala zina kuno ku Malawi, zotsatira za kuyezetsa zikakonzedwa, mzere wakale umangoikidwa chizindikiro choti wathetsedwa, pamodzi ndi dzina la wothetsayo ndi chifukwa chake, ndipo pamalembedwa watsopano.

Awiri akasintha chinthu chimodzi

Yankho lakale ndi loko. Mu SCCS ndi RCS munthu ankatseka fayilo asanaisinthe, anzake n'kumadikira. Palibe kusemphana, koma wotsekayo akapita kutchuthi ntchito yaima. Pa chikalata chamagawo loko imapepuka, chifukwa n'zotheka kutseka gawo limodzi lokha.

Yankho lachiwiri, lomwe H. T. Kung ndi John Robinson anafotokoza mu 1981, limalola onse kugwira ntchito n'kudzafufuza pa nthawi yosunga. Wosunga amanena kope lomwe anayambira. Ngati nkhokwe yadutsa kale pamenepo, imakana ndipo munthuyo ayenera kuona zatsopanozo kaye. CouchDB imachita chonchi, ndipo FHIR, muyeso wotumizirana uthenga wa zachipatala, uli nayonso njirayi. Kukanako kumateteza ku ngozi yobisika koposa, yoti womaliza kusunga afufute ntchito ya mnzake popanda wodziwa.

Pambuyo pa kukana pamabwera kuphatikiza. Kompyuta imaika pamodzi makope atatu: awiri osemphanawo ndi kholo lomwe onse anachokerako. Gawo lomwe wasintha mmodzi yekha limalandiridwa; lomwe asintha onse awiri limaperekedwa kwa munthu. Apanso maina osasintha amathandiza: mmodzi akasamutsa ndime, mnzake n'kukonza mawu ake, pulogalamu yodziwa dzina la ndimeyo imatenga zonse ziwiri, pomwe yoyerekeza mizere imasokonezeka.

Kumene magetsi ndi netiweki zimadukaduka, kusemphana ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, chifukwa anthu amagwira ntchito pafoni osalumikizana ndi seva kwa masiku. Community Health Toolkit, yomwe ogwira ntchito zaumoyo m'midzi amagwiritsa ntchito m'maiko angapo, imadalira CouchDB pa chifukwa chimenechi. Makope osemphana akakumana, CouchDB imasunga onse, n'kusankha limodzi loti lizioneka mwanjira yoti makompyuta onse asankhe lofanana. Kusankhako sikutanthauza kuti kopelo ndi lolondola. Logonjalo limakhalabe kudikira wodzaweruza.

Pa anthu olemba limodzi nthawi imodzi pali njira ziwiri. Yoyamba, ya Clarence Ellis ndi Simon Gibbs ya mu 1989, imakonza zosintha za munthu aliyense potengera zomwe anzake achita kale, ndipo ndi yomwe Google Docs imatsatira. Yachiwiri ndi CRDT, yomwe Marc Shapiro ndi anzake anailongosola mu 2011, ndipo imapezeka m'mapulogalamu monga Automerge ndi Yjs. Pa mawu olembedwa, chilembo chilichonse chimapatsidwa dzina lakelake, kotero kuti zosintha zingafike m'ndondomeko iliyonse, makope onse amathera pofanana. Lonjezo la njirazi ndi kufanana kokhako. Mlembi wina akasintha nambala ya zaka m'ndime yoyamba, mnzake n'kusintha mawu odalira nambalayo m'ndime yachitatu, zonse zilowa bwinobwino ndipo lamulo lidzitsutsa lokha. Pa zolemba za msonkhano palibe vuto lalikulu. Pa lamulo, pangano kapena mlingo wa mankhwala, pamafunika munthu wovomereza kope lisanatchedwe lovomerezeka.

Zomwe zimaiwalika

Choyamba, kayalidwe ka chikalata nako kamasintha. Fomu ya chaka chino ili ndi mafunso omwe ya zaka zisanu zapitazo inalibe. Kope lililonse liyenera kunena kayalidwe komwe linalembedwera, ndipo ndi bwino kusiya makope akale mmene alili n'kumawamasulira pa nthawi yowerenga, kusiyana ndi kuwalembanso onse, chifukwa kulembanso mbiri ndi kuiononga.

Chachiwiri, pali zinthu zoyenera kufufutidwa. Lamulo la maiko a mu European Union loteteza uthenga wa anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limapatsa munthu ufulu wopempha kuti uthenga wake ufufutidwe, ndipo Malawi nayo inakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wa anthu mu 2024. Nkhokwe yomangidwa pa zidindo zolukana imavutika apa, poti kuchotsa chinthu chimodzi kumasintha zidindo zonse zotsatira. Njira zodziwika ndi kusunga uthenga wa anthu padera, chikalata n'kumangouloza, kapena kuubisa ndi kiyi wa munthu aliyense, kuti kiyiyo akatayidwa uthengawo usawerengekenso. Wikipedia imabisa zomwe zili m'kope loipa koma imasiya mzere wosonyeza kuti kopelo linalipo.

Chachitatu, mbiri yopanda chifukwa ndi yoperewera. Nambala ya kope ndi tsiku zimanena zomwe zinachitika. Wofufuza amafunanso kudziwa amene anasintha, amene anavomereza, ndi chikalata chomwe chinalamula kusinthako.

Tisankhe iti?

Pa zikalata zazing'ono kapena zosasinthidwa kawirikawiri, makope athunthu m'tebulo la mbiri ndi okwanira, ndipo kusiyana kukhoza kuwerengeredwa pa nthawi yomwe munthu akufuna kukuona. Malo a pakompyuta anatsika mtengo kwambiri kuyambira masiku a SCCS, choncho unyolo wa zosintha ndi wofunika pokhapo pomwe zikalata ndi zazikulu ndipo zimasinthidwa pafupipafupi. Pa malamulo, mapangano ndi mabuku a ndondomeko, omwe anthu amatchula gawo ndi gawo, pamafunika mbiri ya gawo lililonse ndi mawotchi onse awiri. Pa ndalama ndi zachipatala, komwe funso ndi loti anachita ndani ndipo chifukwa chiyani, mndandanda wa zochitika ndi woyenera. Pa ntchito ya kumudzi yopanda netiweki, sankhani nkhokwe yosunga makope osemphana, ndipo muike munthu wowaweruza.

Zambiri mwa izi zikhoza kusinthidwa mtsogolo. Makope athunthu atha kupanikizidwa, ndipo nkhokwe itha kusamutsidwira ku pulogalamu ina. Zosabwezeka ndi ziwiri: dzina lomwe gawo silinapatsidwe pobadwa, ndi tsiku lomwe silinalembedwe pa nthawi yake. Inu amene mukugula kapena kumanga nkhokwe ya zikalata, musanafunse za kukula kwa seva, pemphani wokumangiraniyo akuonetseni gawo limodzi mmene linalili pa tsiku lomwe mwasankha, amene analisintha, ndi tsiku lomwe kusinthako kunayamba kugwira ntchito. Akalephera, nkhokweyo sikusunga mbiri.